Kodi Nkoyenera Kumwa Mapiritsi Ogonetsa Usiku ndi Usiku?

Tulo ndi mtendere waukulu umene Allah anatipatsa, ndipo amene anachezerapo usiku maso ali gwa mpaka tambala kulira amadziwa kuwawa kwake. Nchifukwa chake ena amathamangira kufamase kapena kugolosale kukagula mapiritsi oti awagonetse, popanda kalata ya dokotala. Koma kodi munthu angamwe mapiritsi amenewa kwa miyezi kapena zaka osapwetekeka?

Poyamba tidziwe chimene tikumwacho. Piriton, amene dzina lake lenileni ndi chlorpheniramine, pamodzi ndi diphenhydramine ndi promethazine, kwenikweni ndi mankhwala a ziwengo, kuyabwa ndi chimfine. Ntchito yake ndi kutsekereza histamine, chinthu cha m'thupi chimene chimabweretsa kuyabwa. Koma histamine yemweyo ndiye amathandiza ubongo kukhala maso, kotero akatsekerezedwa munthu amayamba kuwodzera.

Vuto loyamba ndi lakuti thupi limazolowera msanga. Akatswiri anapeza kuti munthu akamamwa diphenhydramine tsiku ndi tsiku, pofika tsiku lachinayi mphamvu yake yogonetsa imakhala itazilala. Apa ndi pamene wina amachoka pa piritsi limodzi nkuyamba kumwa awiri kapena atatu. Tulo sitibwera, koma zovuta za mankhwala zimawonjezeka.

Lachiwiri, mankhwalawa amachedwa kutha m'thupi. Munthu amadzuka mutu uli wolemera, manja ndi maso zikuchedwa kuchita zinthu, mwinanso adhana ya Fajr imamudutsa osaimva. Taganizirani msodzi amene wachezera kupha usipa ndi nyali, ndipo masana wamwa piritsi kuti agone. Madzulo akubwerera panyanja mankhwala akadali m'magazi, mwera nkumupeza ali chomwecho. Chimodzimodzinso wakabaza kapena woyendetsa minibasi: waika pachiswe moyo wake ndi wa anthu amene wawanyamula.

Lachitatu likukhudza kwambiri makolo athu. Mankhwalawa amatsekerezanso acetylcholine, chinthu chimene ubongo umagwiritsa ntchito pokumbukira, ndiponso chimathandiza matumbo ndi chikhodzodzo. Zotsatira zake ndi kuuma kukamwa, kudzimbidwa, mkodzo kuvuta kutuluka makamaka kwa abambo achikulire, kubalalika mutu ndi kugwa. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku University of Washington, mumzinda wa Seattle ku America, anafalitsa zimene anapeza atatsata anthu 3,434 a zaka 65 kapena kuposa kwa zaka pafupifupi 7. Amene anamwa mankhwala a gulu limeneli tsiku lililonse kupitirira zaka 3 anali pachiopsezo chokwera ndi 54 peresenti chodwala matenda oiwalaiwala a ukalamba. Kafukufukuyu sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo anayambitsa matendawo, komabe chenjezo lake ndi loyenera kulimvera.

Chachikulu koposa ndi ichi: kusowa tulo nthawi zambiri ndi chizindikiro cha vuto lina. Kukhoza kuchokera ku nkhawa, ngongole, chisoni cha maliro, kuphwanya kwa mafupa, kukodzakodza kwa matenda a shuga, kubanika kutulo kwa anthu oliza nkonono, kapena tiyi ndi khofi wa madzulo. Piritsi limangophimba vutolo, matenda enieni akukula. Ndiye chifukwa chake opanga mankhwala ogonetsa amalemba papaketi kuti kusowa tulo kukapitirira masabata awiri munthu akaonane ndi dokotala.

Tichite chiyani tsono? Tigone ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Macheza ndi foni tizifupikitse pambuyo pa Isha, tiyi wamphamvu timusiye dzuwa likapendeka, ndipo tulo ta masana tisapitirire theka la ola kwa amene amagona usiku. Mwana tisamupatse Piriton pofuna kuti angogona. Valium wogulitsidwa mobisa timupewe, pakuti amafunika kalata ya dokotala, ndipo amene anamuzolowera asamusiye mwadzidzidzi popanda uphungu wa achipatala. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi onse amene ali pa mankhwala ena afunse kaye asanamwe.

Thupi ili ndi amana, tinangosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za mmene tinalisamalira. Ngati patha masabata awiri tulo tikuvutabe, pitani kuchipatala, mapiritsi amene mwakhala mukumwawo muwatenge kuti adokotala akawaone. Allah atipatse thanzi ndi tulo tabwino. Ameen.