NYUMBA YA MABUKU: KOKAFUNA NTCHITO, KOKADZIWA MBIRI YA AMAYI

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'makomo ambiri kuno kunyanja mumakhala chisangalalo cha sabata imodzi. Kenaka satifiketi ija imalowa m'sutikesi, mnyamata n'kuyamba kuswera kudoko kudikira mabwato, mtsikana n'kubwerera kumtondo ndi kuchitsime. Chaka chikangotha, achibale amayamba kunong'ona kuti mwanayu wakula, kuli bwino angokwatiwa. Makolo amene anagulitsa usipa ndi mpunga kuti alipire fizi amangoti kakasi, osadziwa kolowera.

Abale ndi alongo, pali khomo limodzi limene ambiri a ife timangolipitirira. Khomoli ndi la nyumba yowerengeramo mabuku, imene ambiri amaitcha laibulale.

Kodi nyumbazi zili kuti?

Bungwe loona za nyumba zowerengeramo mabuku m'dziko muno la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967. Likulu lake lili ku Lilongwe ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Nyumba zimenezi ndi za aliyense, wamng'ono ndi wamkulu yemwe.

Palinso malaibulale a m'makoleji ndi m'sukulu zaukachenjede. Laibulale yotchuka kwambiri ndi ya University of Malawi ku Zomba, pamalo amene ankatchedwa Chancellor College mpaka mu 2021. M'menemo muli chigawo cha Malawiana chimene chimasunga zolembedwa zokhudza dziko lathu lino. Sukulu zophunzitsa ntchito, monga ya zausodzi ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ya ntchito zamanja ku Salima ndi ya aphunzitsi ku Domasi, nazonso zimasunga mabuku a maphunziro awo. Dziwani kuti laibulale ya pakoleji imatumikira ophunzira ake poyamba, choncho munthu wakunja ayenera kupempha chilolezo kwa oyang'anira mwaulemu, atanyamula chiphaso chake.

Thandizo kwa ofuna ntchito

Choyamba ndi nyuzipepala. Mabungwe, makampani ndi nthambi za boma zimalengeza mipata ya ntchito mu The Nation ndi The Daily Times. Si banja lililonse lingathe kugula nyuzipepala tsiku ndi tsiku, koma kulaibulale imodzi yokha imawerengedwa ndi anthu ambirimbiri. Pitani ndi kope ndi cholembera. Lembani dzina la ntchito, maphunziro amene akufunika, keyala ndi tsiku lotsekera kulandira makalata. Kalata yofika mochedwa, ngakhale ikome chotani, imangoponyedwa pambali.

Chachiwiri ndi mabuku ophunzitsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito ndi CV, limene ndi pepala lofotokoza mwachidule maphunziro anu, ntchito zimene munagwirapo ndi anthu amene angakuchitireni umboni. Musachite manyazi kulembapo kuti munkasunga kaundula wa ndalama pagolosale ya amalume anu kapena kuti munaphunzitsapo ana mongodzipereka. Zimenezo ndi ntchito ndithu. Koma musalembe bodza, chifukwa pa tsiku lakuyesedwa mafunso bodza limaululika msanga.

Chachitatu, malaibulale ena ali ndi makompyuta ndi intaneti, ndipo masiku ano ntchito zambiri zimafunsidwa kudzera m'menemo. Amene akufuna luso lamanja angapezenso uthenga wa maphunziro a bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Chenjezo ndi lakuti, munthu akakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni kuti akusungireni malo a ntchito, ameneyo ndi wakuba.

Mupeza bwanji buku?

Mabuku saikidwa chisawawa. Malaibulale ambiri amatsata ndondomeko ya manambala yotchedwa Dewey. Mabuku a kafunidwe ka ntchito amakhala pa nambala 650, onena za amayi pa 305.4, mbiri za anthu pa 920, ndipo mbiri ya Africa pa 960. Malaibulale ena a sukulu zaukachenjede amagwiritsa ntchito zilembo: HF ndi zamalonda ndi ntchito, HQ ndi za banja ndi amayi, DT ndi mbiri ya Africa. Zikakusokonezani, funsani woyang'anira, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Amayi amene ana athu ayenera kuwadziwa

Mwina wina afunsa kuti, nanga mbiri ya amayi ikugwirizana bwanji ndi kufuna ntchito? Yankho lake n'lakuti mtsikana amene sanamvepo za mayi aliyense amene anachita zazikulu amafooka msanga akakanidwa kamodzi kapena kawiri.

Tengani ndalama ya K200 muyang'ane nkhope ili pamenepo. Amenewo ndi mayi Rose Chibambo, amene anabadwa mu 1928. Iwo anasonkhanitsa amayi kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 boma la atsamunda linawatsekera m'ndende ya ku Zomba ali ndi khanda m'manja. Pambuyo pake anakhala mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna, koma mkangano wa nduna wa mu 1964 unawathamangitsira ku Zambia kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Anamwalira mu 2016.

Mayi Vera Chirwa anali loya woyamba wamkazi m'Malawi muno. Anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa mu 1981, ndipo anatuluka m'ndende mu 1993 amuna awo atamwalira kale m'ndende mu 1992. Mbiri yawo anailemba okha m'buku lotchedwa Fearless Fighter. Ndiye palinso mayi Joyce Banda a ku Domasi, amene anatsogolera dziko lino kuyambira mu 2012 mpaka mu 2014.

Kunja kwa dziko lino nakonso kuli amayi oti tiwadziwe. Olemba mbiri amati mzikiti wa al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez ku Morocco, umene unakula n'kukhala malo otchuka a maphunziro, unamangidwa mu 859 ndi chuma cha mayi Fatima al-Fihri. Kumpoto kwa Nigeria kunali mayi Nana Asma'u, amene anabadwa mu 1793 namwalira mu 1864. Iwo ankalemba m'zinenero zitatu, Chiarabu, Chihausa ndi Chifulani, ndipo anaphunzitsa amayi ena amene ankayenda m'midzi kukaphunzitsa anzawo.

Ofuna kukumba mozama angapite ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa makalata akale a boma ndi nyuzipepala zamakedzana.

Udindo wa makolo

Mabuku ndi chuma chosachedwa kuonongeka. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University ndipo mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa usiku umodzi. Tsono tiphunzitse ana athu kusamala buku lobwereka, osang'amba tsamba, ndi kulibweza pa tsiku lake kuti mnzawo alipeze.

Inu bambo ndi inu mayi, mwana wanu wamkazi akapempha ndalama yokwerera basi kuti akawerenge kuboma, musafulumire kumuganizira zoipa. Ngati mtima wanu sukukhazikika, muperekezeni kapena apite ndi mchimwene wake. Akabwerako mufunseni zimene wawerenga, ndipo mumvetsere.

Pomaliza, mbiri ya amayi ambiri a kuno kunyanja sinalembedwebe m'buku lililonse. Ili m'mitu ya agogo athu amene anaumba mbiya, anaphika mchere, anayanika nsomba nalera mitundu. Mwana amene waphunzira kulemba atenge kope lija, akhale pansi ndi agogo ake madzulo ano, ayambe kulemba iwo akadali moyo.