Kamakina kofufuza tirigu m'mbale

Mlendo wodzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya akafunsa m'lesitilanti ya ku Livingstone ngati chakudya chili ndi gluteni, tisamuyese wamatama. Padziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 ali ndi matenda a celiac. Akadya gluteni, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye, chitetezo cha m'thupi mwake chimayamba kuwononga matumbo ake omwe. Amene adazindikira kuti gwero la matendawa ndi tirigu ndi Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, m'zaka za m'ma 1940.

Chimanga, chinangwa, mapira ndi mawere zilibe gluteni, choncho nsima payokha ilibe mlandu. Zimavuta nsomba ikakazingidwa m'mafuta omwe munali vitumbuwa, kapena msuzi ukathiridwa fulawa. Muyezo wa padziko lonse wa Codex Alimentarius umalola mamiligalamu 20 okha a gluteni pa kilogalamu ya chakudya chotchedwa chopanda gluteni, ndipo palibe wophika angaone zimenezo ndi maso.

Apa mpomwe ife ofufuza za masensa timalowerapo. Kamakina kathu ndi kachibale ka kaja koyezera shuga kuchipatala, komwe maziko ake adaikidwa ndi Leland Clark ndi Champ Lyons mu 1962. Pa kachidutswa ka golide kapena kaboni timamatapo ma antibody amene amagwira gliadin, mbali imodzi ya gluteni. Chakudya chimasinjidwa, n'kusungunulidwa m'madzi a mankhwala, n'kudonthezedwa pamenepo. Gliadin akagwidwa, magetsi odutsa pa kachidutswako amasintha, ndipo makina amasandutsa kusinthako kukhala nambala.

Mu 2017, ofufuza a ku Harvard ndi Massachusetts General Hospital adaonetsa iEAT, kamakina kokwana pa makiyi, ka mtengo pafupifupi madola 40, koyankha pasanathe mphindi 10 n'kutumiza zotsatira pa foni.

Komabe sindingauze wodwala kuti adalire kamakina kokha. Kamayeza kanthongo kamodzi, osati mbale yonse. Mowa ndiye wovuta zedi: mowa wa Mosi umafululidwa ndi chimera cha balere, ndipo pofulula gluteni amaduka tizidutswa tating'onoting'ono. Sensa yofunika kugwira puloteni malo awiri imatha kutiphonya, ngakhale kuti timavulazabe matumbo.

Palinso kutentha. Ma antibody amafooka akasungidwa pofunda, ndipo October wa ku Livingstone sachita chifundo. N'chifukwa chake ofufuza ena akuyesa ma aptamer, timaulusi ta DNA togwira gliadin, tomwe timapirira kutentha kuposa ma antibody.