Nthawi yabwino yokaona nyama zakutchire m'mbali mwa Shire ndi Nyanja ya Malawi

Ogwira ntchito m'boma ambiri mumzinda wa Blantyre amatenga tchuthi mwezi wa Disembala, koma kwa ofuna kukaona nyama zakutchire, nthawi imeneyi siyabwino kwenikweni. M'dzinja udzu umatalika, madzi amapezeka paliponse ndipo nyama zimabalalika m'tchire. Misewu ina ya m'nkhalango imatsekedwanso chifukwa cha matope.

Nyengo yoyenera ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Seputembala ndi Okutobala madambo amauma, choncho nyama zimasonkhana m'mbali mwa mitsinje kudzamwa madzi, makamaka m'mamawa ndi madzulo dzuwa likapepa.

Nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzindawu, ndipo munthu angathe kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Opha nyama mozembera malamulo anali atatha nyama zambiri kumeneko kufikira mu 2003, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndipo mikango mu 2012. M'boma lomweli muli nkhalango ya Lengwe, kufupi ndi Nchalo, yomwe imadziwika ndi nyama yotchedwa boo.

Ofuna kuona mvuu, ng'ona ndi njovu ali m'boti angapite ku Liwonde, makilomita pafupifupi 120 kudzera msewu wa Zomba. Malowa anakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo bungwe la African Parks linayamba kuwayendetsa mu 2015. Mikango inabwezeretsedwa kumeneko mu 2018.

Kunyanja, malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, anakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake, monga mbuna, zomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Kumtunda kuli anyani, apusi komanso nkhwazi. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawinditsa nyanja, kotero ndi bwino kudikira Seputembala kapena Okutobala pamene madzi amakhala bata ndipo nsomba zimaoneka bwino.

Okonda mbalame okha ndiwo amapindula ndi dzinja, popeza kuyambira Novembala mpaka Epulo kumabwera mbalame zothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia. Iwo angayambire pafupi, ku phiri la Michiru mumzinda womwe uno.

Amalawi amalipira ndalama zocheperako polowa m'malowa poyerekeza ndi alendo ochokera kunja. Ndalamazi zimathandiza pa ntchito yoteteza nyama. Motero pokonza ndondomeko ya tchuthi chaka chikamayamba, ndi bwino kusungako masiku angapo a m'chilimwe.