Kuphunzira Uphunzitsi Choko Chili M'manja

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'chigwa cha Shire, monganso kwina konse, makalasi anasefukira, ena naphunzirira pansi pa mitengo. Pamenepo boma linalemba ntchito anyamata ndi asungwana zikwi zambiri a JCE ndi MSCE amene sanapondeko ku koleji.

Pofuna kuwasula, m'chaka cha 1997 munayamba ndondomeko ya MIITEP. Wophunzira ankakhala miyezi 3 ku koleji, kenaka miyezi 20 pasukulu pake, kuphunzitsa usana, kuŵerenga usiku, malipiro akulandira. Omuyang'anira anali mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa zoni. Koma mlangizi akafike bwanji ku Makhanga, madzi a Shire ndi Ruo atadula njira? Kumene woyang'anira sankafika, wophunzira ankangodziphunzitsa yekha. M'chaka cha 2005 kunadza IPTE: chaka chimodzi ku koleji, china m'kalasi.

Nawonso a digiri amene ankaphunzitsa m'sekondale popanda maphunziro a uphunzitsi ankapita ku Chancellor College, ku Zomba, kukatenga University Certificate in Education.

Makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje, mwana wanu akapeza mwayi wotere musamletse. Amene anakulira m'kutentha kwa chigwachi sakuthaŵa msanga. Koma inu achinyamata, yambani mwafunsa kuti adzakuongolani ndani, pakuti kuongola mtengo m'poyamba.