Sandesham: maboti awiri, chilimira chimodzi

Wa ku Kanyenda aliyense amene anaonapo chilimira chikukokedwa usiku akudziwa kuti ukonde umenewu sutheka ndi boti limodzi. Pamafunika awiri, lililonse litagwira chingwe cha mbali yake, kwinaku siginala ali pabwato ndi nyali zake kukopa usipa kuti ulowe pakati. Mabotiwo akazungulira n'kukumana, ndiwo zapezeka. Koma lina likalunjika kumpoto linzake kumwera, usipa umatulukira pansi, ndipo wolira ndi mwini zida, amene anagula ukonde, injini ndi petulo.

Filimu ya ku India yotchedwa Sandesham, yomwe inatuluka mu 1991, ndi nkhani ya mwini zida wotereyu. Si ya ku Mumbai ayi, ngati zija zovinavina timaonera m'nyumba za vidiyo. Iyi ndi ya ku Kerala, dera la m'mbali mwa nyanja kumwera kwa India, kumene anthu oposa 33 miliyoni amalankhula Chimalayalam. Ndi anthu a mpunga, nsomba ndi chinangwa, moti mbale ya kondowole siingawadabwitse kwenikweni. Anaiongolera ndi Sathyan Anthikad, ndipo anailemba ndi Sreenivasan, yemwe akuseweranso momwemo.

Bambo Raghavan Nair, omwe akuseweredwa ndi Thilakan, apuma pa ntchito yoyang'anira siteshoni ya sitima. Abwerera kwawo ndi ndalama za penshoni, ati akalime, adye thukuta lawo pakati pa ana. Afika apeza ana awo aamuna awiri, ophunzira bwinobwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene akugwira ntchito. Wamkulu, Prabhakaran, wamira m'chipani cha RDP. Mng'ono wake Prakashan, yemwe akuseweredwa ndi Jayaram, ali ku INSP. Maina a zipaniwa ndi opeka, koma ku Kerala palibe anafunsa kuti akunena ndani. Derali linasankha boma la chikomyunizimu mu 1957 pansi pa E.M.S. Namboodiripad, ndipo kuyambira 1982 migwirizano iwiri, LDF ya akomyunizimu ndi UDF ya chipani cha Congress, inkangolandirana mpando chisankho chilichonse, mpaka Pinarayi Vijayan wa LDF atapambana kachiwiri motsatizana mu 2021.

Anyamata awiriwa ndiwo maboti aja. Amadya pakhomo limodzi, chakudya chogulidwa ndi penshoni imodzi, koma pa chakudya pomwepo amatsutsana za mayiko akutali omwe sanapondeko. Zimaseketsa, mpaka woonera ayambe kuwerenga zomwe zikutayika. Mlamu wawo wapolisi amangosamutsidwa uku ndi uku chifukwa chogwira anthu a zipani. Mkulu wa chipani wochokera kumpoto kwa India akabwera, chikhamu chake chimadzaza nyumba, kudya n'kusiya chipwirikiti, wovutika kukhitchini ali mayi. Mayiwo, omwe akuseweredwa ndi Kaviyoor Ponnamma, akagonekedwa m'chipatala, ana aja sapezeka, ali ku zachipani.

Pamene pamandigwira mtima kwambiri ndi pa mtembo. Munthu wafa, ndipo zipani ziwirizo zilimbirana thupi lake, chilichonse chikuti anali wathu, wafera ife. Kuno sitingadabwe nazo. Chaka cha kampeni, monga tinaonera tikuyandikira chisankho cha pa 16 September 2025, maliro a m'mudzi amasanduka bwalo: uyu wabwera ndi bokosi, uyo ndi thumba la ufa, aliyense akudikira kuti mwini mwambo atchule dzina lake pa chipepeso. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma ndani angabweze bokosi mtembo uli m'nyumba?

Filimuyi imaonetsa bwino chimene mnyamata wa dipuloma amafuna ku chipani. Si nsalu kapena tisheti. Akuona kuti njira yachidule yofikira pa ulemu ndi kukhala pafupi ndi bwana, mwina mawa n'kuimira ukhansala. Atsogoleri nawo amadziwa kuyatsa nyali. Kusiyana kwake n'kwakuti panyanja siginala amakhala mmodzi, wa mwini zida. M'nyumba ya a Raghavan Nair alipo awiri, ndipo onse si apakhomopo.

Ku Kerala komweko ena amaidzudzula kuti imachititsa ndale zonse kuoneka ngati zopusa. Ndikuwamvetsa. Dera limene anthu pafupifupi 94 mwa 100 aliwonse amadziwa kulemba ndi kuwerenga, malinga ndi kalembera wa 2011, silinafike pamenepo popanda anthu oyenda m'misewu ndi mbendera, ndipo ifenso referendamu ya pa 14 June 1993 sitinaitole panjira. Komabe Sreenivasan sakunyoza munthu wovota. Akunyoza mwana wodya za bambo ake n'kumati akumenyera ufulu wa apantchito.

Bambo aja atatopa amawathamangitsa onse awiri pakhomo. Pomaliza tiwaona atabwerera, wamkulu akupita kukhoti ngati loya, mng'ono wakeyo akuyamba ntchito yotsatsa mankhwala. Kenako mng'ono wawo wa pasukulu atulukira ndi maganizo oyambitsa gulu la ndale la ana asukulu, ndipo omukalipira koyamba ndi akulu ake awiri aja.