Kodi mumadziwa? Dzina la Maclear lilinso kumwezi

Kodi mumadziwa kuti m'boma la Mangochi muli mtunda wamapiri wolowa m'nyanja wotchedwa Nankumba? Kunsonga kwake ndi kumene timati ku Cape Maclear. Mtundawu umagawa kum'mwera kwa Nyanja ya Malawi pawiri, ngati mphanda ya legeni!

Nanga Maclear anali ndani? Sanali mfumu ya kumeneko ayi, koma katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, Thomas Maclear, amene anathandiza David Livingstone kudziwa malo poyang'ana nyenyezi. Livingstone, yemwe anafika kunyanjayi mu 1859, anamuthokoza pomupatsa phiri lonse ngati mphatso ya dzina.

Dzinali lafika kutali. Chigwa china cha pamwezi chimatchedwa Maclear, ndipo ku South Africa kulinso Cape Maclear wina, pafupi ndi Cape Point. Pamwamba penipeni pa Table Mountain pali mulu wa miyala wa dzina lomweli, pamtunda wa mamita 1,086, pomwe Sapitwa wathu amafika mamita 3,002.

Ifenso nkhaniyi ikutikhudza. Sitima ya Ilala yoyamba, imene inafikitsa amishoni a ku Scotland ku Cape Maclear, inalephera kukwera mathithi a Shire, omwewa amene lero amatipatsa magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Anaiphwasula, anthu mazanamazana nasenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda kwa mathithi, mu 1875!

Kodi mumadziwa kuti mishoni yoyamba ya Livingstonia inali ku Cape Maclear komweko? Malungo anawatha amishoniwo, manda awo alipo mpaka lero, moti otsalawo anasamukira ku Bandawe mu 1881. Dzina la Livingstonia analinyamula ngati katundu mpaka kukalitula ku Khondowe mu 1894.

Ndege nazo zinkatera pamadzi ku Cape Maclear, ngati abakha. Zinali za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, cha mu 1949.

Pansi pa madzi a kumeneko, ozungulira zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo pali tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. N'chifukwa chake malowa anakhala paki yotetezedwa mu 1980, ndipo UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984.

Koma dzina la eni ake silinafe. Mukadzatsika basi ku Monkey Bay, funsani njira ya kwa Chembe, akakulozerani.