Kusafuna ndi Kusatha: za Achinyamata Okhala ndi Autism

Pa gombe lina kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota, pali mnyamata wa zaka 22 amene amasoka ukonde bwino koposa akuluakulu, ndiponso amazindikira boti lililonse pongomva kulira kwa injini yake. Koma mukamutuma kuti ayanike usipa pa thandala, kenaka akagule mafuta ndi kubweza ndalama yotsala, mudzamupeza madzulo ali chiimire, usipa utayamba kununkha. Iye anadza kwa ine pa khonde, osati m'kulapa, ndipo wandilola kulemba izi. Funso lake linali lakuti: "Bambo, kodi ulesi wangawu Mulungu adzaukhululukira?"

Ine ndiyesa kuti si ulesi ayi. Madokotala anamupeza ndi chimene amachitcha autism. Liwuli lichokera ku Chigriki, autos, ndiye kuti mwini. M'chaka cha 1943 Leo Kanner wa ku Baltimore analongosola za ana 11 otere, ndipo mu 1944 Hans Asperger wa ku Vienna analembanso zofanana. Mu 2023 bungwe la WHO linati mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali nayo. Ndi mapangidwe a ubongo amene munthu amabadwa nawo; sichokera ku katemera, kapena ku kaleredwe ka mayi, ndipo palibe mankhwala oichotsa. Tinene izi momveka, pakuti kunyanja kuno mwana wotere akabadwira m'banja la mwini maboti, anthu sachedwa kunong'ona kuti atate ake anamukhwimira.

Chimene chimavuta ambiri a iwo ndicho kusanja ntchito: kudziwa choyamba ndi chotsatira, kuyamba, kuleka, ndi kusintha pamene zinthu zasintha. Mnyamatayu adziwa ntchito iliyonse payokha, koma zitatu zikaperekedwa pamodzi, pakati pa phokoso la ogula nsomba, zonse zimaunjikana m'mutu mwake ngati ukonde wopiringizika. Mwera ukawomba, asodzi nkusintha zimene anapangana dzulo, anzake amangotsata. Iye amasokonezeka tsiku lonse.

Apa tiyenera kukumbukira zimene tinaphunzira m'filosofi. Thomas Aquinas Woyera, potsata Aristotle, aphunzitsa kuti mchitidwe umayesedwa wabwino kapena woipa pokhapokha ngati wachokera m'kufuna kwa munthu wodziwa chimene achita. Kusafuna ndi kwina, kusatha ndi kwina. Waulesi amatha koma safuna, ndipo mtima wake uli phee. Mnyamata uyu amafuna, nalephera, nagona usiku akudziimba mlandu. Wansembe amene amupatsa malangizo a munthu waulesi akuwonjeza mtolo pa msana wothyoka kale. Ndivomere kuti pa ulendo woyamba ndinachita zomwezo, ndipo anachoka ali wera.

Kudzikayikira kwake sikunabadwe naye. Munthu amene watchedwa chitsiru kuyambira ali mwana, kusukulu ndi kudoko, amafika povomereza dzinalo. Kumuuza chabe kuti ndiwe wanzeru sikuthandiza, popeza iye amafuna umboni, ndipo mau okometsera amawazindikira msanga. Tinagula kope, momwe amalemba madzulo alionse maukonde amene wasoka ndi ntchito imene wamaliza. Maganizo akuti palibe chimene ndimatha akabwera, amatsegula kopelo nawerenga yekha.

Za kusalongosoka, inu a m'seminale musadzitame msanga. Ndani mwa ife akadadzuka, kupemphera, kuphunzira ndi kudya pa nthawi yake pakadapanda belu? Benedict Woyera anaika ndondomeko ya tsiku m'malamulo ake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo chifukwa anadziwa kuti dongosolo la mkati limafuna chochirikiza cha kunja. Mnyamatayu belu lake ndi foni, imene imalira nthawi yotembenuza usipa. Amalume ake tsopano amamutuma ntchito imodzi, ikatha ndipo amuuze ina. Mpeni, singano ndi ulusi zili ndi malo ake osasintha. Pakakhala kusintha, amauzidwa dzulo lake, ngati nyanja ilola.

Chovuta kwa ife Achewa ndi kalankhulidwe. Timakonda zining'a ndi miyambi, ndipo kutchula chinthu mwachindunji timakuyesa chipongwe. Koma ambiri okhala ndi autism amamva mau monga momwe anenedwera. Mukati "dzuwa lapita", pofuna kuti afulumire, iye amayang'ana kumwamba navomera. Mulaliki azindikire kuti m'tchalitchi mwake muli ena amene fanizo losamasulira limawasiya panja.

Wansembe si dokotala. Pamene kudzikayikira kwasanduka kusagona, kusadya, kapena mau ofuna kufa, tiwaperekeze ku chipatala cha boma, kapena kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mnyamata wathuyu anapita kawiri, ndi amayi ake. Usipa umamuwonongekerabe nthawi zina, makamaka masiku a mwera, koma mwezi wathawu asodzi a gombe loyandikana anayamba kumubweretsera maukonde awo.